Dilowa ya Mathemometa Abodza

Pa koleji yathu fizikisi inalipo ya mitundu iwiri. Ina inali ya m'kalasi, imene a Moktan ankalemba pabolodi ife n'kumakopera zala zili gwaa ndi kuzizira. Ina inali ya m'labu, ndipo imeneyi inkayenda cham'mbuyo.

Mabuku amati munthu uyambe wayeza, ulembe zimene waona, uwerengetse, kenako upeze yankho. Ife tinkaona kuti imeneyo ndi njira ya anthu amene sathamangira jipi yomaliza yopita kwawo. Yankho linali kale kumapeto kwa buku lathu lochokera kumzinda wa Kolkata, ndiye kulifunafuna kunali ngati kusaka mbuzi imene waimangirira wekha. Tinkayamba ndi yankholo n'kumabwerera pang'onopang'ono, mpaka titapeza manambala amene tikanaona zida zathu zikanakhala zaulemu. Zidazo tinkazigwiragwira ndithu, madzi n'kuwiritsa, mawaya n'kulumikiza, kuti aphunzitsi akasuzumira apeze anthu ali kalikiliki.

Musaganize kuti cham'mbuyo n'chophweka. Chili ndi malamulo ake, ndipo mwini malamulowo anali Bidhan, mnyamata wamtali wa jekete yachikopa amene tonse tinkamutcha Pulofesa. Masamu ankawadziwa kuposa tonsefe, kungoti ankawagwiritsa ntchito pothawa ntchito.

"Yankho osalilemba ndendende, aise," ankatilangiza pakantini, uku akuviika sel roti, mandasi a kwathu aja, mu tiyi wa mwini wake. "Umaphonyako pang'ono, mwaulemu. Ndiye madontho a pagalafu asamakhale onse pamzere ngati asilikali. Awiri pamwamba, awiri pansi, kamodzi kosochera, kuti aziti mwana anavutika."

"Nanga akafunsa kuti kasochera bwanji?"

"Umati mphepo inalowa pawindo, Sala. Mphepo sinakanepo mlandu."

A Moktan anali munthu wabwino koma wotopa. Ophunzira tinali ambiri, iwo anali okha, ndiye ukawapatsa ntchito yako ankathamangira mzere womaliza. Yankho likafanana ndi la m'buku ankasaina, n'kuitana wotsatira.

Pa ife tonse, munthu mmodzi yekha ndiye anakana kubatizidwa mumpingo umenewu, ndipo mwa tsoka langa anali mnzanga wa patebulo limodzi, Sumnima Rai. Sikuti anali woyera mtima, miseche ankaidya bwino ngati wina aliyense. Vuto lake linali dzanja. Dzanja lake linkakana kulemba chimene diso silinaone. Chinthu chimodzi ankachiyeza katatu, akamaliza n'kupukuta magalasi ake n'kuyezanso. Anzathu ankatuluka m'labu dzuwa likanali, ife tinkatuluka mlonda akutigwedezera makiyi. Ndinkamukonda, koma masiku ena ndinkafuna kumuponyera kumunsi kwa minda ya tiyi.

Sumnima anali wa chaka chapatsogolo pathu. Tinamupeza chifukwa analakwa pulakitiko, mayeso a m'labu aja, n'kubwereza. Lamulo linali lakuti ukalakwa pulakitiko kawiri, fizikisi watsanzikana nayo. Amayi ake, amene ankagulitsa mamomo, tizitumbuwa ta nyama tophika ndi nthunzi, pansi pa masitepe a kumsika, anali atagamula kale.

"Ukalakwanso upita ku Siliguri kwa azakhali ako, ukagulitse nsapato," anamuuza ine ndili pomwepo. "Kumeneko ukaziyeza mapazi a anthu katatukatatu mpaka ukhute."

Tinaseka tonse, koma Sumnima anaseka ndi mano okha. Tauni ya Siliguri, kuchigwa kuja, ankaiopa chifukwa cha kutentha, azakhaliwo ankawaopa chifukwa cha pakamwa, koma choposa zonse, fizikisi ankaikonda mochititsa manyazi. Anali munthu woti amatha kuimirira pamsewu n'kumayang'ana mmene dontho la madzi likulendewera pawaya.

Chimene chinamugwetsa chaka chathacho inali ndodo. Inali ndodo ya mkuwa wachikasu, yotalika mita imodzi, yogona mkati mwa paipi. Umawiritsa madzi m'kachitini, nthunzi n'kumadutsa m'paipimo, ndodo n'kutentha. Chitsulo chikatentha chimatalika, pang'ono kwambiri, mwina ngati kunenepa kwa chikhadabo, ndipo kutalikako umakuyeza ndi kachipangizo ka sikuluwu kamene kali kumapeto. Ukatero umagawa ndi madigiri amene kutentha kwakwera, n'kupeza nambala ya mkuwawo. Buku linkati nambalayo ndi 19. Ili ndi maziro ake ambirimbiri, koma ife tinkangoti 19.

Sumnima ankapeza 17.4. Abwereze, 17.4. Apukute sikuluwu, asinthe madzi, apemphere, 17.4. Pa mayeso a chaka chathacho anabwereza mpaka nthawi inatha, n'kupereka pepala lopanda yankho.

Patebulo la ndodo panalinso mwambo wina umene aliyense ankaudziwa. Themometa ya pamenepo inali yabodza. Mwana aliyense wa pulayimale amadziwa kuti madzi amawira pa madigiri 100, buku lathu nalonso linkatero, koma themometa ya patebulo limenelo inkakwera n'kukaima pa 93 ngati bulu wokana katundu. Ophunzira amene anatitsogolera ankapita nayo kwa a Moktan.

"Sala, themometa iyi ikunama."

"Iponye m'dilowa, utenge ina," ankayankha osadzutsa mutu.

Ankatenga ina yabwinobwino patebulo lina, koma nayo ikangofika pa ndodo inkayamba kunama. Dilowa ija inadzaza pang'onopang'ono, mpaka wina anamatapo pepala lolemba kuti ZABODZA. Pofika nthawi yathu anthu anali atatopa ndi kusintha. Lamulo la Pulofesa linali lakuti themometa uiike pamalo pake kuti ioneke, koma polemba ulembe 100. Nambala imeneyi ngakhale Sumnima ankailemba, poti si madzi amawira pa 100 nanga?

Kutatsala tsiku limodzi kuti tilembe pulakitiko, masana, tinakhala pabenchi ya amayi ake a Sumnima. Bidhan anabwera ndi chifundo chake, mamomo athu n'kutidyeranso.

"Chemwali, ndikuthandizeni," anatero pakamwa pali podzaza. "Ikakugwerani ndodo, mulembe kuti yatalika ndi 1.66, kachiwiri 1.68, kachitatu 1.65. Yankho likubwera 18.9. Mwaphonya pang'ono, mwaulemu, mwakhoza."

"Koma siitalika choncho, Bidhan. Imathera pa 1.53."

"Ndodoyo ndi m'bale wanu? Idzakuyenderani ku Siliguri?"



"Tamveraniko mnzanuyu," amayi ake analowerera ali kuseri kwa nthunzi ya poto. "Akuoneka wanzeru, ngakhale sadziwa kuti mbaleyo si yake."

Pa pulakitiko, ntchito sumasankha wekha. Makhadi amawayala patebulo chafufumimba, iwe n'kutola limodzi, zimene zalembedwapo ndi zako. N'chifukwa chake m'mawa umenewo anthu anabwera ali ndi mphumi zopaka zofiira za kukachisi, ena ndi ulusi wodalitsidwa kwa alama, ansembe a kwathu, m'khosi, ena ndi likasa m'masokosi, ena zonse zitatu. Ine ndinatola pendulamu, kampira kolendewera pa ulusi kaja, ndipo ndinatsala pang'ono kuvina. Ndodo zinalipo ziwiri. Yoyamba inagwera Bidhan, amene anamwetulira ngati wapatsidwa mkazi. Sumnima anatambasula dzanja, nalibweza, natambasulanso. Atatembenuza khadi sindinafunikire kufunsa. Nkhope yake inangoti mbuu.

Woyesa wochokera kunja anali Madamu Bagchi a ku Kolkata, mayi wachikulire wamfupi amene anafika atafunda mashawelo awiri, chipewa chaubweya chophimba makutu, ndi masokosi m'masandasi. Anthu a kuchigwa akabwera kwathu amavala ngati akupita kukamenyana ndi chisanu, pamene ife tikuti kunja kwacha bwino. Atangokhala pansi anayamba kudandaula za tiyi.

"A Moktan, tiyi wabwino padziko lonse amachokera kuno, koma sindinamwepo kuno tiyi wopsereza lilime."

"Ndikauza a kukantini awiritse kwambiri, Madamu."

"Angawiritse mpaka mawa," anatero akuseka okha. Ife tinayang'anizana n'kugwirizana ndi maso kuti mayiyu ndi wovuta.

Tebulo langa linali pakati pa ndodo ziwirizo, ndiye zonse ndinaziona. Kumanja kwanga Bidhan anayatsa moto, naika themometa mwaulemu wake, n'kuyamba kulemba madzi asanafunde n'komwe. Nthawi ndi nthawi ankawerama pa sikuluwu, n'kutsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu ngati munthu amene sayansi ikumuzunza. Kumanzere kwanga Sumnima anayeza ndodo yozizira katatu, nalemba madigiri 12 a m'chipindamo, n'kudikira nthunzi. Itayamba kutuluka anawerama pa sikuluwu. Ndinaona milomo yake ikunena nambala imene ndinkaidziwa kale, 1.53.

Anabwereza. Anabwerezanso. Thukuta linayamba kutuluka pamphuno pake.

"Pssst, chemwali," Bidhan ananong'ona kudutsa pa ine. "Wani poyinti sikisi sikisi. Lembani, musadzizunze."

Sumnima anagwira cholembera. Ndinachiona chikutsika papepala, ndipo mumtima ndinati lemba, mwana wa amayi, lemba tizipita. Chinaima m'malere. Kenako anachiika pansi, n'kuyang'anitsitsa themometa ija nthawi yaitali ngati akuiona koyamba. Anadzuka n'kupita kutsogolo.

"Sala, ndimapempha themometa ina."

"Zabwino zonse zili pantchito," anatero a Moktan. "Zatsala za m'dilowa."

"Zomwezo, Sala."

Anabwera ndi mathemometa asanu a m'dilowamo atawafumbata ngati mitengo ya nsomba zowamba. Sanali ofanana n'komwe. Ina inali yonenepa, ina yamadzi ofiira, ina yomata ndi tepi, ina yakalekale manambala ake atayamba kufufutika. Anayamba kuwalowetsa m'paipi imodziimodzi, kudikira, kuwerenga, kulemba. Nthawi inkapita. Ine ndinkawerenga kugwedezeka kwa kampira kanga koma maso ali kwa iye.

"Dechen," anandiitana chapansipansi.

"Usandisokoneze, ndikuwerenga."

"Dechen, anthu asanu abodza, osadziwana, ungawafunse mmodzimmodzi onse n'kunena bodza limodzi?"

"Iwe, ndi nthawi ya miyambi ino?"

"93, 93, 92 ndi theka, 93, 93 ndi theka. Zikanakhala zakufa, ina bwenzi ikuti 88, ina 104. Izi zapangana liti?"

Ndinaiwala pamene ndinafika, n'kuyambiranso kuwerenga ndikumutukwana mumtima.

Bidhan anali atamaliza. Anakonza kolala ya jekete n'kupita ndi pepala lake kwa Madamu Bagchi kuti akamufunse mafunso apakamwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madamu anayendetsa chala papepalapo, osati pamzere womaliza ngati a Moktan, koma kuyambira pamwamba.

"Ntchito yaukhondo," anatero. "Nthunzi yanu inafika madigiri angati, achimwene?"

"100, Madamu."

"Munaona ndi maso anu?"

"Ndi awiri onsewa, Madamu."

"Chabwino. Khalani pampando apo, musapite."

Bidhan anakhala, natitsinzinira diso. Ankaganiza kuti amusunga kuti amuyamikire pagulu.

Apa n'kuti Sumnima atachita chinthu chimene mpaka lero anzathu amachikumbukira. Anatenga themometa yomata tepi ija, naipukuta, naidikira kuti izizire, n'kuilowetsa m'khwapa kudzera pakhosi la juzi. Anaima chilili, dzanja atalipana, maso ali pawindo. Madamu Bagchi anatsitsa magalasi awo n'kudzuka, mashawelo ali lendelende.

"Mtsikana iwe, wadwala?"

"Ayi, Madamu."

"Nanga ukutani?"

"Ndikuyesa mboni, Madamu. Amati ndi yabodza. Ndikufuna ndione ngati inganamenso za ine."

Labu yonse inaphulika. Ngakhale a Moktan anabisa nkhope kuseri kwa kapu. Madamu okha ndiwo sanaseke. Sumnima anatulutsa themometa ija n'kuwerenga.

"36 ndi theka."

"Ndiye?"

"Ndiye ya thupi la munthu ikuidziwa. Ya m'chipinda muno ikuidziwanso, ikugwirizana ndi zinzake za pamatebulo ena. Imangonama ikafika pa nthunzi basi."

"Pitiriza," anatero Madamu, n'kubwerera kumpando wawo. "Koma nthawi si yako yokha."

Sumnima anatsala akuyang'anabe pawindo. Tsiku limenelo kunali kowala, ndipo mitambo inali itayala kumunsi kwathu, kuphimba chigwa chonse mpaka ku Siliguri. Ndi zimene timaona masiku onse, palibe amene amaimirira kuti aziyang'ane.

"Dechen," ananong'onanso. "Chikwangwani cha pasiteshoni chija, chimene alendo amajambulitsapo, chimati tili pamwamba bwanji?"

"Mamita zikwi ziwiri ndi kanthu. Sumnima, ukandilakwitsa ndikupha."

Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Pano ndiyenera kutiteteza pang'ono, chifukwa wina anganene kuti tinali mbuli. Sitinali mbuli. Tonse tinaloweza kusekondale kuti pamwamba pa phiri mpweya umapepuka, ndipo madzi amawira asanafike 100. Tinalemba zimenezo pamayeso n'kupatsidwa malikisi. Koma m'bukumo munali chithunzi cha phiri losongoka la chipale, ndi munthu wa chingwe m'chiuno akuwiritsa madzi pakhomo pa tenti. Limenelo ndiye phiri. Kwa ife phiri linali Kanchenjunga, uko, kumene timaloza alendo. Kwathu kunali kunyumba chabe, kwa majipi, masitepe, agalu ndi mamomo. Palibe amene anatiuzapo kuti munthu wa chingwe uja ndi ife.

Sumnima anakhala pansi n'kuyamba kulemba ngati wogwidwa ndi mizimu. Pamene pankakhala 100 analemba 93. Anatenga kakyuleta n'kubwereza kuwerengetsa kawiri. Ataona yankho anaseka kamodzi, kaphokoso konga ka munthu wotsamwa ndi ntchentche. A Moktan akulengeza kuti nthawi yatha, iye n'kuti akulemba mzere womaliza.

Madamu Bagchi anayendetsa chala papepala lake kuyambira pamwamba.

"18.9, kuphonya kwake 0.4 uku kapena uku. 0.4 ameneyu wamutenga kuti?"

"Sikuluwu siinkandipatsa nambala imodzi nthawi zonse, Madamu, inkasiyana pang'ono. Mathemometa nawonso asiyana ndi theka la digiri. Ndaphatikiza kusiyana konseko."

"Nanga chaka chatha unkapeza zingati?"

Sumnima anadzidzimuka. A Moktan ayenera kuti anali atawatsina khutu.

"17.4, Madamu. Nthawi zonse."

"Ndipo unkabwereza."

"Eya."

"Kubwereza kumathandiza pamene manambala akumwazika. Akamabwera omwewomwewo koma olakwika, ukhoza kubwereza mpaka imvi. Pamenepo umasiya kuyeza, n'kufunsa kuti ndi chiyani chimene ndachikhulupirira osachiyeza." Anamwa tiyi wawo n'kukwinya nkhope. "Koma mathemometa asanu akhoza kukhala a m'banja limodzi. Uli ndi mboni ina yosakhala themometa?"

Sumnima anamwazamwaza maso m'labumo. Kenako analoza kukhoma, pafupi ndi chitseko, pamene panali barometa, chida chachitali choyezera kulemera kwa mpweya. Tonse tinkaidziwa ngati pokolekera ambulera ya a Moktan. Nayonso inkadziwika kuti ndi yakufa, chifukwa buku linkati izisonyeza 76 koma iyo inkakakamira kumunsi.

"Sala, ndingachotse ambulera yanu?"

A Moktan anadzuka n'kukaichotsa okha. Sumnima anakwera pampando, napukuta fumbi ndi mkono wa juzi, n'kuwerenga.

"59, Madamu."

"Yakufa imeneyo," wina anatero kumbuyo, mwachizolowezi chabe.

"Ili moyo kuposa iwe," anatero Madamu osatembenuka. Anatenga pepala la Bidhan ndi dzanja lina, la Sumnima ndi dzanja lina. "Taonani zodabwitsa, a Moktan. Ndodo ziwiri zofanana, chipinda chimodzi, onse apeza 18.9. Koma ya achimwenewa yatalika kuposa inzake, chifukwa nthunzi yawo ndi ya 100. Achimwene, nthunzi imeneyi mwaigula kuti? Munakwera nayo jipi kuchokera kuchigwa?"

Bidhan anatsegula pakamwa. Ndinadziwa chimene chikubwera, ndipo ndinapemphera kuti asanene.

"Mwina mphepo inalowa pawindo, Madamu."

"Mawindo ndawatseketsa ndekha m'mawa, ndimazizidwa. Tapitani mukandiphikire tiyi pa nthunzi yanuyo. Chifikireni kuno ndikufuna tiyi wa 100, kani muli naye inu."

Tinaseka mpaka misozi, ngakhale ambiri a ife tinkaseka mitima ili m'mwamba, tikuganiza za mapepala athu. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, Pulofesa makutu anangoti psuu. A Moktan anaima ndi ambulera yawo m'manja ngati mlendo wosowa pokhala.

"Madamu, mlandu wina ndi wanga," anatero. "Ana akati themometa ikunama, sindinkafunsa kuti ikunama bwanji."

"Ife kwathu timalemba mabuku ngati dziko lonse lili m'mphepete mwa nyanja," anayankha Madamu. "Tigawane." Anasaina pepala la Sumnima, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chaka chamawa ndibweranso kudzayesa a chaka chachitatu. Ndikakupeza uli ndi themometa m'khwapa, ndidzakuthamangitsa."

Panapita kanthawi Sumnima asanamve tanthauzo lake. Ine ndinamva msanga kuti wakhoza, ndipo ndinamutsina pamkono mpaka anakuwa.

Bidhan anakhoza mokwawa, ndipo musaganize kuti analapa. Sabata yotsatira ndinamupeza pakantini atazunguliridwa ndi ana a chaka choyamba, akuwauza kuti malamulo asintha. "Pa ndodo muzilemba 93, aise, mwina 92 ndi theka kuti zizioneka zenizeni. Kutalika kwake 1.53." Cham'mbuyo sichinafe, chinangokwera phiri.

Koma tsiku la mayesolo, anthu atatuluka kukasimba nkhaniyi kumsika, Sumnima anatsalira m'labu. Ndinabwerera kukamutenga kuti tikauze amayi ake kuti nsapato za ku Siliguri zifune munthu wina. Ndinamupeza pasinki akutsuka mathemometa aja imodziimodzi, misozi ili chuchuchu.

"Iwe, wakhoza. Ukulira chiyani?"

"Chaka chatha ndinaiona 93, Dechen. Ndinaiona ndi maso angawa, kambirimbiri. Manambala ena onse ndinalemba zimene ndinaona. Imodzi yokha ndiyo ndinalemba zimene anandiuza." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Chaka chonse ndakhala ndikuganiza kuti ndine wopusa. Amayi akamanena za nsapato, mumtima ndinkati mwina akunena zoona."

Ndinamumvera chisoni, ndipo manyazi anandigwiranso, chifukwa nanenso ndinali nditamuuzapo kangapo kuti amachedwetsa anthu ndi zinthu zopanda pake. Ndinangotenga kansalu n'kuyamba kumuthandiza kupukuta.

Titamaliza sanawabwezere m'dilowa. Anawaimika pashelefu pamodzi ndi mathemometa abwino, yonenepa, yamadzi ofiira, yomata tepi, onse. Kenako anapita padilowa paja n'kuyamba kukanda pepala la ZABODZA ndi chikhadabo. Linali litamatirira zaka zambiri, linkachoka tizidutswa.

"Tiye, mlonda akubwera," ndinatero. "Udzamaliza mawa."

"Dikira," anatero osatembenuka. "Ine m'dilowa ya zabodzayi ndakhalamo chaka chimodzi chokha. Awa akhalamo kalekale."